Pa Chipata cha Bachuil

Anganga anga, amene anabala mayi anga, sanapondepo pakhomo la sukulu, koma funso lawo linkabaya ngati munga wa mthethe. Chinali chaka cha njala, 1949, ine ndili Sitandade 3 pasukulu ya mishoni kwathu ku Chiradzulu. Tsiku limenelo aphunzitsi anatiphunzitsa za David Livingstone, ndipo ndinabwerera kunyumba m'mimba mopanda kanthu koma mutu utadzaza zaka. Ndinawapeza pakhonde akupeta timadeya tochepa, ine n'kuyamba kulakatula: anabadwa mu 1813, anafika kunyanja yathu mu 1859, anamwalira kwa Chitambo mu 1873. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anaika lichero pansi.

"Ameneyo ndi mbale wake wa Listonia?"

Sindinayankhe. Iwo anapitiriza: "Nanga kwawo n'kuti? Ndi mwana wa yani? Mfunda wake ndani?" Ndinati kwawo ndi ku Ulaya. Anapukusa mutu. "Iwe, Ulaya si mudzi. Munthu amakhala ndi pamene anataya mchombo wake."

Ana a lero dzina la Listonia simulidziwa. Umu ndi mmene anthu a kwathu ankatchulira William Jervis Livingstone, mzungu amene ankayang'anira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero kuyambira mu 1893. Malowo anagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, amene anakwatira mwana wake Agnes. Kumeneko thangata inafika poipa. Mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho inkatalika mpaka munthu osaona nthawi yolima munda wake, chikoti chinkalira, ndipo matchalitchi audzu amene anthu a John Chilembwe ankamanga pamalopo ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe analowa m'nyumba ya Listonia, namupha, namudula mutu, mkazi wake ndi ana ali momwemo. Anganga anali mtsikana nthawi imeneyo. Za usikuwo sankakonda kukamba. Ankangonena za masiku amene anagona kutchire asikari akusaka anthu, ndi chinthu china chimodzi: kuti m'nyumba muja munali kakhanda, ndipo amayi a m'mudzi akamasinja ankafunsana chapansipansi ngati kamwanako kanakula.

Mawa lake funso la anganga ndinapita nalo kwa aphunzitsi. Anayang'ana kuzenera, n'kunena kuti zimenezo sizibwera pamayeso. Lero ndimawamvetsa. Boma linali lidakali la atsamunda, ndipo dzina la Chilembwe silinali lotchula mokweza m'kalasi.

Anganga anatisiya mu 1961 funso lawo lisanayankhidwe. Ine ndinaphunzira uphunzitsi, ndipo inenso ndinaimirira kutsogolo kwa ana n'kumawalakatulitsa zaka zomwe zija. Mu 1973, patatha zaka 100 Livingstone atamwalira, mpingo unanditumiza ku Edinburgh kukachita maphunziro a chaka chimodzi. Loweruka loyamba limene ndinapeza mpata ndinakwera sitima kupita ku Blantyre wa kumeneko, amene mishoni ndi mzinda wathu zinatengako dzina mu 1876. Ndinapeza nyumba yosanja yopaka njereza m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, yotchedwa Shuttle Row, imene mu 1929 anaisandutsa chikumbutso. Banja lonse la Livingstone linkakhala m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka 10 David analowa ntchito pafakitale ya thonje, kumalumikiza ulusi ukaduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Ndinaima m'chipindamo ndikuganiza kuti yankho la anganga ndalipeza. Koma pakhoma panali mawu ofotokoza kuti agogo ake a David, a Neil, anafika pamalopo mu 1792 kuchokera pachilumba cha Ulva. Blantyre anali malo a ganyu chabe, monga Joni kapena Halale kwa amalume athu. Mudzi unali kwina.

Amene anandiperekeza kumeneko anali mkulu wa mpingo wina wa kufupi ndi Oban, kumene ananditumiza kukachereza pa tchuthi. Anali bambo achikulire, mphunzitsi wopuma, amene chilankhulo cha Gaelic anayamwira kubere, Chingerezi n'kukachipeza kusukulu ngati ife. Nditawafotokozera funso la anganga sanaseke. Anati agogo awonso akadafunsa chimodzimodzi, chifukwa kumapiri kwawoko mlendo asanakhale pansi ankayamba wamufunsa kuti ndi wa kwa yani. Iwowa ndiwo anandiuza kuti liwu limene azungu amatchulira mafuko a ku Scotland, clan, limachokera ku liwu la Gaelic lakuti clann, ndipo tanthauzo lake ndi ana basi. Mac amene timamumva m'mayina ngati MacDonald ndi mwana wa. Fuko linali ana a kholo limodzi, pamodzi ndi ena onse amene anabwera kudzabisala pansi pa mfumu yake n'kumalima dziko lake, ngakhale magazi awo anali ena.

Tinaoloka pasitima kuchoka ku Oban kupita pachilumba chachikulu cha Mull, tinadula chilumbacho pagalimoto, kenaka kaboti kanatiolotsa kamtsinje ka nyanja kupita pa Ulva. Ndinaonako mabwinja ambiri m'moyo wanga, koma a pa Ulva anandilemera mumtima mwa mtundu wina. Kwathu bwinja limabwerera kudothi, pakatha dzinja zingapo umangodziwira mitengo ya mango. Kumeneko nyumba zinali zamiyala, ndiye zimaimabe, zipupa zofika m'chiuno kapena m'chifuwa, khomo likuoneka, pamoto pakuoneka, denga lokha palibe. Umayenda kudutsa mudzi wathunthu wopanda ndi galu yemwe. Tinatsata kanjira ka m'zitsamba mpaka kugombe la kummwera, kumene kuli bwinja limene anthu amati ndi la a Livingstone, ndi phanga limene amati banjalo linakhalamo pomanga nyumbayo.

A Neil anachoka msanga, chifukwa kamunda kawo sikankatha kudyetsa ana. Otsalawo anakhalako ndi moyo chifukwa cha ndere za m'nyanja. Ankazimweta, kuziyanika, n'kuzitentha m'maenje, ndipo phulusa lake, longa chidulo chathu, linkagulidwa ndi opanga sopo ndi magalasi. Nkhondo za Napoleon zitatha mtengo wa phulusalo unagwa. Mu 1835 chilumbacho chinagulidwa ndi loya wina, Francis William Clark. Mu 1846 mbatata ya kachewere, imene inali nsima yawo, inaolera m'nthaka. Mwini malo anawerengera n'kuona kuti nkhosa zimpatsa ndalama kuposa anthu, ndipo anayamba kuwachotsa, ena powatenthera madenga. Chilumba chimene mu 1837 chinali ndi anthu oposa 600, pofika 1881 otsala sanafike 100. David mwini anafikako mu 1864, atabwerako ku Shire ndi ku Zambezi, kudzafuna abale. Sanapeze ndi mmodzi yemwe.

Ndinakhala pamwala wa pakhomo la bwinjalo n'kunena kuti apa ndiye pamudzi. Bambo aja anakana. Anati Ulva linali dziko la fuko la MacQuarrie, mpaka mfumu yawo inaligulitsa mu 1777 chifukwa cha ngongole, ndipo a Livingstone pamenepo anali obwera. Tsinde lawo lili pachilumba china, Lismore, ndipo anati tipiteko ndisanabwerere ku Edinburgh.

Patatha masiku atatu tinali pa Port Appin kudikira boti. Ili ndi dziko la a Stewart a ku Appin, ndipo a Livingstone a kumapiri, pokhala fuko laling'ono, ankatsata a Stewart pankhondo monga mudzi waung'ono umatsamira kwa gulupu. Mu 1745 Charles Edward Stuart anabwera kudzalanda mpando wachifumu umene agogo ake anachotsedwapo, ndipo a ku Appin anamutsata. Zonse zinathera pa dambo la Culloden pa 16 April 1746. Nkhondoyo sinathe ndi ola lomwe. Anthu a kumapiri, otopa ndi anjala, anathamangira mizinga ndi mfuti za asilikali a boma otsogoleredwa ndi Duke wa Cumberland atanyamula malupanga, ndipo gulu la Appin lokha linataya amuna oposa 90. David analemba kuti kholo lake, bambo wa agogo ake, linagwa pamenepo.

Bambo aja pofotokoza za mbendera mawu awo anasintha. Onyamula mbendera ya Appin anagwa mmodzi pambuyo pa mnzake. Mnyamata wa zaka 18 wa ku Morvern, Donald Livingstone, anabwerera pakati pa zipolopolo, naing'amba kumtengo wake, naikulunga m'thupi pansi pa zovala, n'kuthawa nayo mpaka kwawo. Mbendera zina zimene boma linagwira anazitenthetsa pabwalo ku Edinburgh ndi munthu wonyonga akaidi, kuti manyazi akwanire. Ya Appin, yabuluu yokhala ndi mtanda wachikasu wopingasa, inapulumuka, ndipo lero ili m'nyumba yosungiramo zakale mumzinda womwewo. Ndinaona kuti kwa bambowa nkhaniyi sinali ya m'buku. Ankaikamba monga mmene akuluakulu a kwathu ankakambira za nkhondo ya Angoni, ngati utsi wake sunathe.

Chimene chinapha mafuko sichinali Culloden yokha. Boma linaletsa zida, linaletsa amuna kuvala nsalu yawo yamandalasi yomanga m'chiuno, mpaka lamulolo linafafanizidwa mu 1782, ndipo linalanda mafumu mphamvu yoweruza milandu. Koma chachikulu chinali pepala. Kale dziko linali la fuko, mfumu n'kukhala woliyang'anira, ndipo ulemu wake unkayezedwa ndi kuchuluka kwa amuna amene angadzuke akaitana. Pachikalata cha boma dzikolo linalembedwa m'dzina la mfumu yekha. Ana a mafumu anakaphunzira kummwera, anazolowera moyo wa ku London, anafuna ndalama, ndipo abale awo anasanduka olipira lendi. Ndikumva zimenezi ndinakumbuka zikalata zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu a maesiteti kwathu kuyambira mu 1892, mmene mudzi unkagona uli pa dziko la makolo n'kudzuka uli pa malo a munthu. Sindinawauze bambo aja. Boti linali litafika.

Kuoloka kwake ndi kwa mphindi khumi zokha. Lismore ndi chilumba chopyapyala, chotalika ngati makilomita 15, chogona pakati pa nyanja ya Loch Linnhe. Mapiri ozungulira ndi akuda ndi ouma, koma icho n'chobiriwira chifukwa pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo dzina lake m'Gaelic, Lios Mòr, limatanthauza munda waukulu. Tinayenda pansi kuchoka padoko kulowera pakati pa chilumba, ng'ombe ndi nkhosa zikudya mbali zonse, ndipo panjira pamenepo ndinamva chiyambi cha fukoli.

Cha m'ma 562 mmonke wa ku Ireland dzina lake Moluag anafika pachilumbachi kudzalalikira. Inali nthawi yomweyo imene mmonke mnzake Columba anakhazikika pachilumba cha Iona. Anthu a pa Lismore amasimba kuti awiriwa ankapikisana kupalasa ngalawa, aliyense kufuna kuti munda waukuluwo ukhale wake, ndipo Moluag ataona kuti atsala anadula chala chake n'kuchiponya kumtunda kuti thupi lake likhale loyamba kukhudza nthaka. Imeneyo ndi nthano ya pamoto, ndipo bambo aja anaikamba ngati nthano. Chenicheni n'chakuti Moluag anamanga mudzi wa amonke pamenepo, anayenda kwambiri pakati pa anthu otchedwa Picts kumpoto ndi kum'mawa, ndipo anamwalira mu 592. Anasiya ndodo yake.

Ndodo imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Amaitcha Bachull Mòr, ndodo yaikulu, ngakhale kutalika kwake sikufika mita imodzi. Ndi ya mtengo waminga wakuda, ndipo kale inali yokutidwa ndi mkuwa, umene unatha pang'onopang'ono n'kusiya timisomali ndi tizidutswa. M'mipingo yakale ya ku Ireland ndi Scotland chinthu cha woyera mtima, kaya belu, buku kapena ndodo, nthawi zambiri sichinkasungidwa m'tchalitchi. Chinkaperekedwa kwa banja limodzi, kuti lichisunge kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo banjalo linkapatsidwa malo olima chifukwa cha udindowo. Anthu ankalumbira pa ndodoyo, ankaitenga podalitsa ndi pofuna machiritso. Banja losunga ndodo ya Moluag linakhala pamalo amene mpaka lero amatchedwa Bachuil, kutengera ndodoyo, ndipo mkulu wake amatchedwa Baron wa Bachuil. Pali chikalata cha mu 1544, chochokera kunyumba ya mafumu a ku Argyll, chotsimikizira kuti malowo ndi a banjali monga anali a makolo awo, pamodzi ndi kusunga ndodo. Pamenepo n'kuti Moluag atamwalira zaka zoposa 900 zapitazo.

Chinandigwira mtima n'chakuti ufumu wa banja limeneli sunachokere ku lupanga. A Campbell, a MacDonald, a MacLean anali ndi malinga amiyala ndi ankhondo mazanamazana. A Bachuil anali ndi kamunda, ng'ombe zochepa ndi ndodo. Mafumu akulu ankalandana zilumba, mabishopu a Argyll anabwera kudzamanga tchalitchi chawo chachikulu pa Lismore m'zaka za m'ma 1200 n'kudzachokanso, dziko linasiya Chikatolika kulowa Chipresibiteriyani, koma banja lija linali pomwepo. Munthu wa kuno amene akudziwa za osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi sangavutike kumvetsa ulemu wa mtundu umenewu.

Dzina lawo lenileni silinali Livingstone. M'Gaelic ankatchedwa ndi dzina limene Angerezi analilemba kuti MacLea. Ena amati limachokera ku Mac an Lèigh, mwana wa sing'anga. Ine ndinalikonda tanthauzo limeneli, poganiza za David ndi bokosi lake la mankhwala, koma bambo aja anati ofufuza ambiri amatsamira kwina: kuti ndi ana a kholo lotchedwa Donn Slèibhe, dzina lakale la ku Ireland lotanthauza wofiirira wa kuphiri, ndipo pakamwa pa anthu linafupika m'kupita kwa zaka. Ndinati mumtima, kwathu akadakhala a Phiri.

Livingstone linali dzina la anthu ena ndithu, a kuchigwa kummwera, amene kholo lawo Leving linasiya dzina pamudzi wa Livingston pakati pa Edinburgh ndi Glasgow m'zaka za m'ma 1100. Amenewo anali olankhula chilankhulo cha kuchigwa, oyandikira mafumu. Mu 1641 Mfumu Charles I anabwereketsa mmodzi wa iwo, James Livingston wa ku Skirling, malo amene kale anali a mabishopu a Argyll, Lismore ili momwemo. Kuyambira nyengo imeneyo a MacLea anayamba kudzilemba Livingstone akamachita zinthu m'Chingerezi, pofuna mthunzi wa dzina lodziwika kuboma. Pakhomo ankaitanana ndi dzina lakale, kwa kalaliki n'kupereka latsopano. Mibadwo itapita, latsopano linameza lakale. Ndiye dzina limene lili pa Livingstonia, pamisewu ndi pamasukulu athu, ndi dzina lobwereka. David mwini anakula akumva nthano za agogo ake aamuna ndi nyimbo za Gaelic za agogo ake aakazi, koma mabuku ake onse analemba m'Chingerezi. Ineyo ndili ndi adzukulu ku Lilongwe amene Chilomwe cha anganga sachimva ndi liwu limodzi lomwe, ndipo inenso ndimangotolako apa ndi apo.

Tinalowa m'tchalitchi cha pa Clachan, chimene ndi chigawo chotsala cha tchalitchi cha mabishopu chija, anachikonza mu 1749 kuti anthu a pachilumba azipempheramo. Panja pali manda akale, miyala ina yojambulidwa malupanga. Titatuluka tinayenda pang'ono, ndipo bambo aja anaima pamene kanjira kamapatuka kulowera kunyumba ina ya pakati pa mitengo. Anati kumeneko ndiye ku Bachuil. Anandiuza kuti m'zaka za m'ma 1800 ndodo ija inachoka m'nyumbamo n'kukakhala ku Inveraray, kwa Duke wa Argyll, mfumu ya a Campbell, ndipo inabwerera kwa eni ake mu 1952.

Kenaka anakhala chete nthawi yaitali, akusisita chipewa chawo. Anandifunsa osandiyang'ana: "Aphunzitsi, munati kwanu ndi ku Chiradzulu. Kuchoka kwanuko kukafika ku Magomero ndi mtunda wotani?"

Ndinati munthu akalawira m'mawa amafika dzuwa lisanafike pamutu.

"Ndinakhala ndikulimbana nazo kuyambira tsiku lija munatchula dzina limene agogo anu anafunsa," anatero. "Munthu ameneyo anabadwira m'nyumba imeneyi, mu 1865. Bambo ake anali mbusa wa Baptist, ndiponso Baron wa Bachuil. Ndipo mwana amene anali wakhanda usiku umene anaphedwa, amene anabadwira kwanu mu 1914, ndi amene akusunga ndodo lero."

Miyendo inandithera mphamvu, ndipo ndinakhala pa mpanda wamiyala. Zaka 24 ndinali nditanyamula mafunso a anganga ngati awiri osiyana, lina la munthu wabwino wa m'buku la sukulu, lina la munthu woopsa wa m'nkhani za usiku. Iwo anali atawaphatikiza kale pakhonde paja. Ubale wa magazi pakati pa banja la pa Ulva ndi la pa Bachuil ndi wakutali, wa m'kamwa mwa akuluakulu, koma mfunda ndi umodzi, tsinde ndi limodzi, ndipo tsindelo ndinali nditakhala pachipata chake.

Chimene chinandivuta, ndipo chimandivutabe, n'chakuti masiku atatu okha m'mbuyomo ndinali nditakhala pakati pa nyumba zopanda madenga pa Ulva. Lismore nayonso inataya anthu ake ambiri m'zaka zomwezo. William Jervis anakula pakati pa anthu amene ankadziwa kulira kwa banja lochotsedwa pamunda, ankadziwa fungo la denga lopsa, ankadziwa kuti lendi ndi chiyani m'chaka cha njala. Anaoloka nyanja, napatsidwa malo a eni ake kuti ayang'anire, ndipo anachita kwa Alomwe ndi Anyanja zimene Clark anachita kwa anthu olankhula chilankhulo chake. Ena amati iye anali wantchito chabe, malamulo ankachokera kwa Alexander Livingstone Bruce, mdzukulu weniweni wa David, ndipo zoona zilimo m'mawu amenewo. Koma dzanja limene anthu ankaliona linali lake. Sindinena izi pofuna kuchepetsa imfa yake. Munthu kuphedwa pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake wamkazi ndi chinthu choopsa, ndipo ana amenewo analibe mlandu. Anthu a Chilembwe nawonso anadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amayi ndi ana sanawapweteke, anawabweza amoyo. Pambuyo pake Chilembwe anaomberedwa pa 3 February, anthu ake ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa, mazana anamangidwa, ndipo tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe anachiphulitsa. Kumbali zonse ziwiri kunatsala ana amasiye.

Bambo aja anandifunsa ngati ndikufuna kuti tikagogode. Anati a m'nyumbamo ndi anthu olandira alendo, ndipo amene afika mwaulemu amamuonetsa ndodo. Ndinaganiza nthawi yaitali. Kwathu munthu salowa kwa mfumu ndi nkhani ya maliro popanda nyakwawa womutsogolera, ndipo sanyamula nkhani ya mudzi wonse asanatumidwe. Ine palibe anandituma. Ndikadalowa ngati mlendo wongofuna kuona ndodo, osatchula kumene ndachokera, kukadakhala kunama. Ndikadatchula, ndikadatsegula bala la munthu amene sanandiitane, ine ndilibe mawu okonzeka oti ndimuuze. Ndinavula chipewa, ndinawomba m'manja katatu chapansipansi monga tichitira podutsa pamanda, ndipo tinabwerera kudoko. Bambo aja sanandifunse tanthauzo lake. Tili m'boti anangondigwira paphewa.

Ndodo ya Moluag ndinadzaiona pachithunzi chokha. Masiku ena ndimati ndinachita bwino, masiku ena ndimati ndikadalowa, chifukwa mwina munthuyo nayenso anali ndi mafunso ake okhudza dziko limene anabadwira, ndipo anthu a ku Chiradzulu ofika pa Lismore si ambiri. Mu 2003 Lord Lyon, amene amaweruza za maina ndi zizindikiro za mafuko ku Scotland, anavomereza Alastair Livingstone wa ku Bachuil kukhala mfumu ya fuko la MacLea, ndipo dzina lakale lija linabwerera m'mabuku a boma. Anamwalira mu 2008, mwana wake Niall n'kulowa m'malo. Mdzukulu wanga wina anandiwerengera pafoni kuti mu 2018 anthu a kumeneko anagula chilumba cha Ulva kuti chikhale cha onse, pamene okhalapo anali osakwana khumi. Ndinamupempha kuti awerengenso kachiwiri.

Ndinabwerera kumudzi mu 1974, nthawi yokolola itangotha. Sabata yomweyo abale anapangana zokalambula kumanda, ndipo ndinapita nawo. Titamaliza kusesa pamanda a anganga, ena atayamba kubwerera, ndinatsala ndi mayi anga, amene anali atayamba kale kuyendera ndodo. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, monga munthu wobwera ku ulendo amachitira: za chipinda chimodzi cha pa Blantyre, za nyumba zopanda madenga, za mnyamata wa mbendera, za munda waukulu pakati pa nyanja, za dzina lobwereka. Ndinati mfunda wawo ndi MacLea, mudzi wawo ndi Bachuil, ndipo Listonia ndi wa kusukulu uja ndi a tsinde limodzi. Ndinkalankhula ndi mayi, koma maso anga anali pamtumbira.

Mayi anamvetsera atatsamira khasu. Za mafumu ndi nkhondo sanafunsepo kanthu. Nditamaliza anati, "Nanga kamwana kaja?"

"Kanakula, mayi. Ndi munthu wamkulu tsopano, ali ndi ana ake. Ndi amene akusunga ndodo ya makolo awo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anawerama, nazula kaudzu kamene tinakasiya kumutu kwa manda, n'kunena chapansipansi, "Mwamva, amayi? Akuti kanakula."